Mapapo nawonso amadya m'mbale

Munthu wachikulire akayamba kutsokomola chifuwa chosapola, nachita befu pokwera kamtunda kamene kale ankakwera akucheza, achibale amaloza chala fodya ndi utsi wa nkhuni. Ndipo sanama ayi, pakuti izi ndizo zimabala kwambiri nthenda yotseka njira za mpweya imene madokotala amaitcha COPD, yomwe bungwe la World Health Organization likuti inapha anthu oposa 3 miliyoni m'chaka cha 2019 chokha. Koma ine nditi pa mlandu uwu pali mboni imodzi imene sitiitanira pabwalo, ndiyo mbale ya chakudya.

M'chaka cha 2015 magazini ya madokotala ya BMJ inafalitsa zimene akatswiri anapeza atatsata kwa zaka zambiri kadyedwe ka anamwino ndi anzawo a ntchito zachipatala oposa 120,000 ku America, kuti iwo amene ankadya masamba, zipatso, mbewu zosakonola, nyemba ndi mtedza, napewa soseji ndi zakumwa zotsekemera, ankagwidwa ndi nthendayi mochepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi odya mwachisawawa, ngakhale za fodya zitawerengedwa kale. Taonani tsono chodabwitsa: zakudya zoyamikidwazo n'zomwe ife tazitcha zaumphawi, mgaiwa, nandolo, bonongwe ndi chisoso chotendera, pamene mlendo wolemekezeka timamkonzera nsima ya ufa woyera, madeya ake titathira nkhuku, n'kumumwetsa shuga wa m'botolo.

Kwathu kuno nkhaniyi imayamba msanga koposa, chifukwa mapapo amakula kuyambira m'mimba mwa mayi kufikira munthu atapyola zaka 20, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015–16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. M'mera mpoyamba. Mwana amene anakulira phala lopanda nsinjiro kawirikawiri amafika paukulu ndi mapapo ochepa mphamvu, ndipo thupi lanjala ndilo limene chifuwa chachikulu chimalowamo msanga, nichisiya zipsera zimene mankhwala sachotsa.

Wosuta asadzinamize kuti papaya lidzamuwombola. Ayambe wataya ndudu. Koma inu anamwino ndi alangizi a zaumoyo, pofunsa wodwala chifuwa ngati amasuta, mfunseninso chimene iye ndi ana ake anadya dzulo.