Kompyuta si Windows ayi

Aphunzitsi anzanga a Computer Studies, lero nkhani yanga yalunjika kwa inu, ndiye mundikhululukire ngati ndikupondeni chala. Tangoyesani kufunsa mwana wa Fomu 3 kuti operating system ndi chiyani. Ayankha mosajejema kuti ndi Windows. Mukamufunsa ntchito yake, ayamba kukanda m'mutu. Mwanayu sanalakwe, wangobweza zomwe anamwetsedwa m'kalasi. Zili ngati mmene timatchulira mankhwala onse otsukira mano kuti Colgate. Kugolosale palibe vuto, koma m'kalasi kumeneku ndi kum'bera mwana.

Operating system ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Ine ndimaiyerekeza ndi kapitawo pa esiteti. Kapitawo salima, koma popanda iye antchito angalimbirane makasu. Mukatsegula nyimbo uku mukulemba kalata, operating system ndi imene imagawa nthawi ya purosesa kuti pulogalamu iliyonse ipeze mpata, ndipo imasinthasintha mwachangu moti inu mumaona ngati zonse zikuchitika pamodzi. Ndi imene imapatsa pulogalamu iliyonse malo ake mu RAM n'kuletsa ina kulowerera malo a inzake. Ndi imene imadziwa pomwe fayilo iliyonse yagona pa disiki. Imalankhula ndi printa, kiyibodi ndi sikirini kudzera m'timapulogalamu totchedwa ma driver. Imaonanso kuti walowa ndani ndipo waloledwa kukhudza ziti. Chigawo chapakati chimene chimasenza ntchito zolemerazi chimatchedwa kernel. Windows imachita zonsezi, koma macOS, Linux ndi Android nazonso zimachita zomwezo.

Mwina mukuti, nanga bambo mphunzitsi mwapsa mtima chonchi bwanji pa nkhani ya dzina chabe? Chifukwa chake ndi ichi. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza zaulere za Windows 10, kupatula kwa amene alowa m'ndondomeko yapadera ya nthawi yochepa. Windows 11 nayo imasankha makina. Imafuna RAM yosachepera 4GB, disiki ya 64GB, purosesa yatsopanoko komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Tsono taganizani makompyuta a m'sukulu zathu, omwe ambiri ndi mphatso zochoka m'maofesi a kunja atagwira kale ntchito zaka zingapo. Ndi angati angakwanitse zimenezi?

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu. Windows XP inatuluka mu 2001 n'kusiyidwa mu 2014. Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020. Nthawi iliyonse munthu wodziwa Windows yokha amaona njira ziwiri basi. Yoyamba ndi kunena kuti makina afa n'kuwatsekera kusitolo kuti azidya fumbi. Yachiwiri ndi kuitana mnyamata wa m'tauni kuti aikemo Windows yobera. Kenako ndife tomwe timaimirira pa asembule n'kumalalikira ana kuti kuba n'koipa! Kupitiriza ndi Windows yosakonzedwa nakonso si nzeru. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko ambiri, moti zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala. Inalowera pa chibowo chimene Microsoft inali itatseka kale, koma eni makinawo anali asanaike zokonzazo.

Njira yachitatu ilipo, ndipo yakhalapo kuyambira kalekale. Mu 1991 Linus Torvalds, ali mwana wasukulu pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, anayamba kulemba kernel ya Linux. Aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuikopera anzake ndi kuisintha osalipira laisensi. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa Ubuntu, mtundu wa Linux wopangidwira munthu wamba. Palinso Lubuntu ndi Linux Mint Xfce zomwe zimayenda bwino pa makina okalamba amene Windows 11 yawakana. Mukhoza kuziyesa kuchokera pa fulashi musanafufute chilichonse. Ndipo amene amati Linux ndi ya akatswiri okha ayang'ane m'thumba mwawo, chifukwa foni iliyonse ya Android imayendera kernel ya Linux.

Ndikudziwa zomwe mundiyankhe. Muti maofesi ambiri amagwiritsa ntchito Windows, ndiye ana ayenera kuidziwa. Ndikuvomera, aidziwe. Sindikunena kuti tiitaye. Koma Windows imene mwana wa Fomu 1 akuloweza lero idzakhala itasintha nkhope pomwe azidzafuna ntchito. Mu 2012 Windows 8 itachotsa Start menu, anthu amene anangoloweza pobaya anasokonezeka ngati alendo. Amene amamvetsa kuti fayilo, foda ndi pulogalamu ndi chiyani sanachedwe kuzolowera.

Muti nanga Word ndi Excel? LibreOffice ndi yaulere, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo kuwonkhetsa manambala ndi SUM n'kumodzimodzi. Zoona, nthawi zina maonekedwe a chikalata amasokonekera pang'ono, ndipo pali ma printa ena ovuta. Amenewa ndi mavuto enieni, koma ndi aang'ono poyerekeza ndi ana 60 kuunjikana pa makompyuta asanu pomwe ena 15 atsekeredwa kusitolo. Mutinso intaneti ndi yodula. Inde, koma fayilo imodzi mukaitsitsa kamodzi ikwanira sukulu zonse za m'kalasita yanu, ndipo palibe lamulo limene mwaphwanya.

Pempho langa ndi laling'ono. Ahedi, musanasaine kuti makompyuta afa, lolani mphunzitsi ayese kaye kuikamo Linux pa amodzi. Aphunzitsi anzanga, ikani makina a Windows, a Linux ndi foni ya Android pa tebulo limodzi, muuze ana apeze pomwe chilichonse chimasunga mafayilo ndi pomwe chimaonetsa mapulogalamu amene akuyenda. Mwana amene wachita zimenezi sadzaopa kompyuta iliyonse imene adzakumane nayo, ndipo ndi amene makolo ake analipirira fizi.