Wodziwa Chichewa alipidwe zingati?

Pa tchuthi cha kumapeto kwa 2023 ndinapeza ganyu ku kampani ina yomwe inkayesa pulogalamu ya pafoni yosungira ndalama za banki m'khonde. Ntchito yanga inali kukhala pansi ndi amayi a ku Chinsapo ndi ku Mgona, kuwapatsa foni, n'kumaona pamene chala chawo chikukayikira. Ku London kapena ku Johannesburg wogwira ntchito yotere amatchedwa user experience researcher, ndipo amalandira malipiro a katswiri. Kwathu kuno ankanditcha wotolera mayankho, ndipo dzina lokhalo linadula kale malipiro anga.

Amene ankatiyang'anira anali kunja, tinkaonana naye pa intaneti basi. Iye ankalandira madola pamwezi, ife makwacha pa tsiku lomwe tagwira. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wa minibasi yopita ku Chinsapo unakwera, koma ndalama yathu inakhala yomweyo.

Sindikutsutsa kuti digiri, zaka zimene munthu wagwira ntchito ndi luso losanthula zomwe zapezeka ziyenera kukweza malipiro. Mkulu uja ankaidziwa ntchito yake, zimenezo sindingamunamizire. Chimene ndikukana n'chakuti chilankhulo chikhale chaulere, ngati kuti aliyense wobadwira ku Kawale angathe kumva zimene munthu wamanyazi akubisa m'mawu ake.

Amayi amenewa si alendo pa ndalama za pafoni. Airtel Money ndi Mpamba akhala nazo zaka zoposa 10, ngakhale ambiri amadinitsa kwa ejenti. Komabe pa pulogalamu yathu ankaima pamalo amodzi. Mawu oti Cancel anawamasulira kuti Fufutani. Mayi wina wogulitsa tomato anandiyang'ana nati, "Mwananga, ndikadina apa, ndalama za gulu sizifufutika?" Ndinati, "Ayi amayi, mungobwerera m'mbuyo." Anaseka, koma sanadine. Pa fomu yomwe anatipatsa panali malo a inde ndi ayi okha, choncho ndinalemba mawu awo kuseri kwa pepala.

Ine ndikuona kuti wophunzira zilankhulo akamakambirana za ganyu yotere azifunsa zinthu ziwiri asanasaine: adzatchedwa ndani mu lipoti, ndipo kumasulira ndi kutanthauzira kuli ndi mtengo wakewake kapena ayi. Ine sindinafunse. Lipoti linatuluka m'Chingerezi, dzina langa mulibe, ndipo batani lija analisintha kukhala Bwererani.