Komiti isanakhale, dzina lili kale pa WhatsApp

Ife a ku Falls kuno, pamodzi ndi anzathu a mumsika waukulu wa Lilongwe amene timalipira fizi ya ku yunivesite ndi ndalama ya kaunjika, ya tomato ndi ya banki m'khonde, tili ndi dandaulo. Mwana wobera sitimuikira kumbuyo. Wagwidwa ndi likasa, alangidwe. Wakopera asaimenti ya mnzake, alangidwe ndithu, pakuti palibe amene akufuna kubayidwa jakisoni ndi namwino wa digiri yogula. Chikutiwawa ndi mmene milandu imeneyi ikuyendera m'masukulu ena.

Mwana akaganiziridwa kuti wakopera, kalata yomuitanira ku komiti yosungitsa mwambo imayenera kupita m'manja mwake. Koma ayi, mndandanda umamatidwa pabolodi: dzina lonse, nambala ya pasukulu, kosi ndi mlandu wake. Wina wadutsa, wajambula ndi foni, waponya pagulu la kalasi. Pofika madzulo chithunzi chija chili pagulu la kwaya, la achibale akumudzi, ngakhale la amayi a chipereganyu. Mayi a mwanayo akumvera kwa mnzawo wa benchi yoyandikana: "Pepanitu anzanga, taziona." Mwaona chiyani? Komiti sinakhale n'komwe.

Ndiye pitani ku ofesi mukafunse ngati kholo. "Pepani bambo, izi n'zachinsinsi, mwana wanuyu ndi wamkulu." Zoona, zaka 18 anadutsa, sitikukana. Koma n'chinsinsi chanji chimene kondakitala wa minibasi ya ku Likuni akuchidziwa, wolipira fizi yekha ndiye akubisiridwa?

Komanso si onse oitanidwa amene anaba. Ana athu ambiri alibe laputopu. Amalembera pa kompyuta yobwereka, n'kupita ndi fulashi m'timashopu tosindikizira mapepala ta ku Old Town. Mnyamata wa pamakina amakopera fayilo ija pa kompyuta yake kuti asindikize msanga, ndipo imakhala pomwepo chaka chathunthu, pamodzi ndi ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE ndi makalata ofunsira ntchito a anthu ena. Kubwera wina waulesi ndi kangachepe m'manja, afunsa ngati pali yofanana ndi mutu wake. Asintha dzina pachikuto, basi. Mapepala awiri akakumana patebulo la lekichala, amene anachezera usiku kulemba ndi amene anagula aitanidwa limodzi, mayina awo pamzere umodzi. Nanga mapepala olakwika posindikiza aja amathera kuti? Tawaonapo atakulunga tchipisi pachiwaya, dzina ndi nambala ya mwana wa eni zikuwerengeka bwinobwino m'mafuta.

Kwabweranso makina. Masukulu ambiri pa dziko lapansi amagwiritsa ntchito Turnitin, ya kampani ya ku America, imene imayerekeza zolemba za mwana ndi zomwe zili pa intaneti komanso zomwe ena anapereka kale, n'kutulutsa maperesenti. Eni ake omwe amanena kuti nambalayo imangoonetsa kufanana kwa mawu, siigamula kuti munthu waba. Imatha kuwerengera ngakhale mawu amene mwana wanena poyera kuti wawatenga m'buku lakuti. Koma pabolodi sipalembedwa zimenezo. Chitulukireni ChatGPT mu 2022, mwana akangolemba Chingerezi chosalala, ena ayamba kale kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Malamulo alipo, ndipo sitinawalembe ndife. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wosungiridwa chinsinsi. Ndime 43 imati wogamulidwa ndi akuluakulu a ofesi achitiridwe chilungamo, ndipo apatsidwe zifukwa zolembedwa. Aphungu athu ku City Centre uko anavomerezanso Data Protection Act, lamulo loteteza mbiri ya munthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Limakhudza aliyense wosunga mayina, manambala ndi zikalata za anthu, sukulu ndi kashopu kafotokope komwe. Koma funsani mnyamata wa pamakina uja ngati analimvapo.

Chopweteka kwambiri chimabwera kumapeto. Komiti yakhala, yafufuza, yapeza kuti mwana sanalakwe. Kalata yomumasula ija ndiye imaperekedwa mwakachetechete mu envulopu yomata. Palibe woijambula, palibe woiponya pagulu. Chithunzi choyamba chija chikadali m'mafoni, ndipo tsiku lofunsira ntchito ku Capital Hill kapena kubanki, sudziwa kuti wakhala kuseri kwa tebulo anali pagulu liti.

Sitikupempha zambiri. Mwana aitanidwe payekha, amvedwe kaye, ndipo aonetsedwe umboni wonse, osati peresenti yokha. Ngati pali chenjezo loti limatidwe pabolodi, lembani chilango ndi mlandu, dzina lisiyeni m'fayilo. Wotulutsa chikalata cha komiti nayenso aitanidwe ku komiti yomweyo. A NCHE, amene mumayendera masukuluwa musanawavomereze, muziwafunsanso kumene amasunga mafayilo a milandu ya ana ndi amene ali ndi kiyi. Ndipo inu achimwene a pamakina, mwana akalipira n'kutenga mapepala ake, fufutani fayiloyo iye akuona.