Juzi ya mkono umodzi

Sabata ino andale apumeko kaye. Lero ndikufuna ndidziimbe mlandu ndekha, chifukwa munthu amene ntchito yake ndi kuloza anzake chala sabata ndi sabata ayenera tsiku lina kudzilozako mwini wake.

Pansi pa bedi langa pamakhala jumbo yakuda. Mukanaisuzumira mwezi wa June chaka chino mukanapezamo zinthu zinayi zimene ndinaziyamba kuluka ndi changu chonse koma osamaliza ngakhale chimodzi. Choyamba inali juzi ya achimwene anga, asodzi a usipa ku Msaka, imene ndinaiyamba mu April chaka chatha. Thupi lonse linatha, mkono umodzi unatha, winawo ayi. Chachiwiri anali madoilo a pamipando, mphatso ya ukwati wa mnzanga wa kusekondale, ukwati womwe pano uli ndi mwana woyenda. Chachitatu unali mzuli woyera wa amalume, amene ndinawalonjeza kuti adzauvala pa Eid, ndipo ma Eid awiri anadutsa iwo akuvala wakale womwe uja. Chachinayi inali shawelo ya mwana wa achemwali anga a ku Namwera, amene panthawiyo anali oyembekezera.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Kuluka juzi ku Mangochi? Kumene munthu amatuluka thukuta ali m'bafa? Anzathu a ku Dedza ndi ku Mzimba amaganiza kuti kuno ndi October chaka chonse. Bwerani mu June kapena July, mwera ukamawomba kuchokera kummwera, mudzaime padoko la Msaka kapena Chembe cha m'ma 4 koloko m'mawa asodzi akamakocheza, atanyowa usiku wonse panyanja, mano akugundana. Mwera si wamasewera. Chipilala chimene chili pafupi ndi wotchi ija ya paboma chimatikumbutsa za sitima ya Vipya imene inamira pa 30 July 1946 ndi anthu 145, m'nyengo yomweyi ya mphepo. Kapena kwerani phiri mupite ku Namwera mukagoneko usiku umodzi wopanda bulangeti, mudzabwera mutalapa.

Kuluka ndinaphunzira kwa anganga ndili Sitandade 4. Singano zanga zoyamba zinali masipoko a njinga amene achimwene ananola pamwala, ndipo wulu tinkachita kumasula kujuzi zakutha. Anganga iwowo anaphunzira kwa alangizi a zapakhomo nthawi ya Kamuzu, ndipo bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi litakhazikitsidwa mu 1985, motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira, iwo anali kale aphunzitsi a anzawo. Za ndale za bungwelo amangoti "zisiyeni zimenezo", koma luso analitenga ndi manja awiri. Mpaka lero akagwira singano sayang'ana n'komwe. Amaluka uku akukalipira mbuzi, uku akusonkhezera moto, osaphonya diso ngakhale limodzi. Iwo timfundo ta pasingano amatitcha maso, ngati a ukonde.

Nanga mdzukulu wawo chinamuvuta n'chiyani?

Yankho langa la masiku onse linali lakuti nthawi palibe. Ndipo kunena zoona, si bodza lenileni. Ife atolankhani aganyu tilibe malipiro a pamwezi. Nkhani ikatuluka ndiye kuti wadya, ikakanidwa ndiye kuti ndalama ya kabaza ija yalowa m'madzi. Lolemba uli kukhoti kudikira mlandu umene auimitse cha m'ma 11 koloko. Lachiwiri uli pa minibasi ya ku Monkey Bay chifukwa wamva kuti bwato latembenuka. Lachitatu akonzi akuimba foni kuti nkhani ifike isanakwane 3 koloko, uku magetsi anazima dzulo, foni yatsala ndi kamoto ka mzere umodzi. Ukafika kunyumba madzi akudikira kutungidwa, zovala kuchapidwa, nsima kuphikidwa. Loweruka pali chinkhoswe, Lamulungu masana banki m'khonde, ndipo maliro sachita kupangana tsiku.

Koma anganga nawonso anali ndi ana asanu ndi awiri, munda wa chimanga ndi geni ya zitumbuwa, ndipo palibe mwana wawo anagonapo ndi juzi ya mkono umodzi. Tsiku lina nditadandaula kwa iwo anangoseka n'kunena kuti, "Iwe vuto lako si nthawi. Vuto lako ndi maso. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Ananena zoona. Kuyamba kumakoma. Wulu watsopano amanunkhira, mizere yoyamba imathamanga, ndipo m'mutu umaona kale mwiniwake atavala akukutamanda. Chovuta ndi pakati, pamene mzere uliwonse ukufanana ndi unzake ndipo chinthu sichikuoneka kukula. Apo ndi pamene ndimaona mayi wina mu minibasi atavala chipewa cha kalukidwe kachilendo, basi mtima dyokodyoko, ndayamba china.

Palinso nkhani ya thumba. Wulu amene timagula m'masitolo si ubweya wa nkhosa ayi, ndi ulusi wopangidwa m'mafakitale akunja, ndipo mtengo wake umayendera dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, wulu anakwera ngati china chilichonse chochokera kunja. Ndiye munthu umagula mpukutu umodzi kapena iwiri, n'kumati inayo ndidzagula nkhani ikalipidwa. Umu ndi mmene juzi ya achimwene inaimira. Wulu wobiriwira anandithera, ndipo nditabwerera kusitolo patatha miyezi iwiri ndinapeza wobiriwira wina, wowalirapo pang'ono. Amene amaluka akudziwa: ngakhale dzina la mtundu likhale lomwelo, utoto wa ulendo wina sufanana ndendende ndi wa ulendo woyamba. Ndinaopa kuti achimwene adzaoneka ngati avala mbendera, ndiye ndinaponya juzi ija m'jumbo kudikira tsiku losadziwika.

Mwina mukuti bwanji osangopita pa kaunjika? Kaunjika ndi amene anaziziritsa singano za amayi ambiri m'dziko muno, chifukwa juzi ya pamulu inkatsika mtengo kuposa wulu woilukira. Koma nayenso anasiya kukhala wa amphawi. Mukukumbukira mu February 2025 ogulitsa kaunjika atachita zionetsero ku Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa cha kukwera mtengo kwa mabelo. Ndipo pali zovala zina zimene ngakhale utasanthula mulu wonse sungazipeze. Izi ndinaziphunzira movutika.

Achemwali ankayembekezera mu August. Ine ndinawerengera kuti ndili ndi miyezi iwiri yathunthu, ndiye shawelo ija inali itangokula ngati mpango wa m'thumba, chipewa ndi masokosi osayamba n'komwe. Zengerezu analinda kwawukwawu. Usiku wina pakati pa June foni inalira cha m'ma 1 koloko. Anali alamu. "Alamu, takumanani nafe kuchipatala, zinthu zafulumira."

Mwana anabadwa m'bandakucha, wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera makilogalamu 1.6. Ndinamuona koyamba ali m'manja mwa anamwino, kamutu ngati lalanje, timiyendo ngati zala zanga. Atakhazikika, anamwino anatifotokozera za njira ya kangaroo. Mwana wobadwa masiku asanakwane alibe mafuta m'thupi omutetezera kukuzizira, ndiye amamuika pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhungu, n'kumumangirira ndi chitenje usana ndi usiku. Savala kanthu koma thewera, chipewa ndi masokosi, chifukwa mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo kutentha kwambiri kumathawira kumeneko. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Kenaka anamwino aja anafunsa mwaulemu, "Chipewa cha mwana chili kuti, mayi?"

Achemwali anatembenuka kuyang'ana ine. Sananene kanthu. Bola akanandikalipira.

Kutacha ndinathamangira kumsika. Ndinasanthula milu itatu ya zovala za ana. Zipewa zinalipo, koma zonse za makanda onenepa a ku Ulaya, zoti mwana wathu akanalowamo mpaka m'mapewa. Ndinabwerera kunyumba, n'kukoka jumbo ija, n'kumasula shawelo yonse. Ntchito ya masabata atatu inatha kumasuka m'mphindi khumi. Ndinaika maso 56 pasingano, n'kukhala pakhonde la wodi. Tsiku limenelo kunali msonkhano wa asodzi umene akonzi anandituma, ndipo sindinapite. Ndalama ya nkhani imeneyo inapita, ndi mawu amene ndinalandira pafoni sindingawalembe m'nyuzi ya banja ngati ino. Koma pofika 2 koloko masana chipewa chinali pamutu pa mwana, ndipo dzuwa likulowa masokosi anali atatha.

Maola atatu, abale anga. Chinthu chimene chinandikanika miyezi inayi chinali cha maola atatu.

Bedi loyandikana ndi la achemwali panali mayi wina wa ku Makanjira amene anabereka mapasa, onse ang'onoang'ono. Analibe womudikirira kupatula apongozi ake okalamba, ndipo timitu ta ana tinali tokulungidwa ndi zidutswa za chitenje zimene zinkangovuka. Gogo uja anayang'ana singano zanga nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanangu, wulu watsalako?"

Wa shawelo anali atatha. M'jumbo munali juzi ya achimwene. Ndinaigwira, ndinaiyang'ana, n'kudula ulusi wa paphewa. Mkono umodzi uja unatulutsa zipewa ziwiri zobiriwira ndi masokosi anayi, zolukidwa usiku ndi tochi ya pafoni.

Mmodzi wa mapasa aja anabwerera patatha masiku anayi. Sindikunena kuti chipewa chikanabwera msanga akanakhala moyo, za imfa ya khanda lotere adziwa ndi madokotala ndi Mulungu. Winayo anatuluka, atavala chipewa chake chobiriwira. Wathu naye anatuluka patatha masabata atatu, ndipo pano chipewa choyamba chija chamuthina.

Lipoti limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndi anzake mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane: ana 18 mwa 100 alionse. Nambala imeneyi ndinali nditailembapo m'nkhani zanga kangapo konse ngati nambala chabe. Masabata atatu a pakhonde la wodi anandionetsa nkhope zake.

Tsono kuchokera pamenepo ndadziikira malamulo, ndipo amene muli ndi jumbo ngati yanga mukhoza kubwerekako.

Loyamba, pasingano pazikhala chinthu chimodzi basi. China chikandikopa ndimachilemba kumapeto kwa kope langa la nkhani, chidikire nthawi yake.

Lachiwiri, chaching'ono ndi chofulumira chiyambe. Chipewa chisanathe, shawelo isayambike. Mwana sawerenga kalendala.

Lachitatu, sindiyamba chinthu wulu wake asanakwane. Ngati ndalama ndi ya mipukutu iwiri, ndiluka cha mipukutu iwiri.

Lachinayi, ndinasiya kudikira tsiku lopanda ntchito, chifukwa tsiku limenelo kulibe. Singano zimayenda nane m'chikwama limodzi ndi kope. Pabenchi la kukhoti, mizere isanu. Minibasi ikamadikira kudzaza padepoti, mizere khumi, nthawi zina makumi awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwa njira imeneyi mzuli wa amalume unatha m'masabata awiri, ndipo madoilo aja ndinakapereka kwa eni ake ndi manyazi anga omwe.

Lachisanu ndi la anganga: usaime pakati pa mzere. Ukaima pakati, pobwerera sudziwa kumene umalowera, ndipo maso amapulumuka.

Anyamata ena a pa siteji ya kabaza amandiseka, ati mtolankhani wasanduka gogo. Ndimawauza kuti apite ku Malembo kapena ku Chembe m'mawa akaone madoda a ndevu zawo atakhala pamchenga, chala chakuphazi chitakola ukonde, akuluka maso ong'ambika mpaka dzuwa kufika pamutu. Msodzi amadziwa kuti ukonde wosokedwa theka sugwira theka la nsomba, umataya zonse. Nzeru imeneyi ikanafikanso kwa akuluakulu ena amene amakonda kuika miyala ya maziko ndi kudula maliboni, bwenzi m'boma lino mulibe zipupa zomera udzu zodikira denga. Koma ndinalonjeza kuti andale apuma sabata ino.

Pempho langa likupita kwa amayi a m'magulu, a Mvano, a Chigwirizano, a Dawa, a mabanki m'khonde, ndi abambo omwe amene manja awo amadziwa ulusi. Mpukutu umodzi umatulutsa tizipewa tiwiri kapena titatu. Funsani anamwino a pachipatala chanu kukula kwake, lukani ndi wulu wofewa, chapani bwino, kaperekeni. Ine ndadziikira kamodzi pa sabata, ndipo pofika lero ndapereka tisanu ndi kamodzi.

Nanga juzi ya achimwene? Ndinaitenga ndi mantha kupita nayo ku Msaka, nditangomalizitsa m'mapewa, yopanda mkono ngakhale umodzi. Ndinawafotokozera kumene mkono unapita. Anaivala, anatambasula manja uku ndi uku ngati akupalasa bwato, n'kunena kuti, "Chemwali, imeneyi ndiye yabwino. Mikono imangonyowa pokoka chilimira."

Tionana sabata ya mawa, Mulungu akalola.