Kalata ya ku Joni: Mkodzo ndi Mboni

Agogo athu amene anabwera kuno pa Wenela ankabwerera kumudzi ndi fumbi la mumgodi m'mapapo. Fumbi limenelo ndi limene linachititsa kuti mu 1956 kukhazikitsidwe nthambi yofufuza matenda a m'mapapo, imene lero ndi National Institute for Occupational Health ku Braamfontein, muno mu Joni. Mwa ntchito zake, bungweli limayeza magazi ndi mkodzo wa anthu apantchito pofuna kuona poizoni amene walowa m'matupi mwawo.

Masiku ano abale athu ambiri amene amafika kuno salowanso mumgodi. Amagwira ntchito m'mafamu, m'malo ofesera maluwa ndiponso posamalira mabwalo a nyumba za eni, atabereka pampu ya mankhwala opha udzu. Mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'mphuno ndi pakamwa, makamaka posakaniza kapena pampu ikamadontha kumsana.

Kodi zimadziwika bwanji kuti alowa? Chiwindi chimaphwanya ena mwa mankhwalawa, ndipo impso zimasefa zotsalira zake n'kuzitayira mumkodzo. Atrazine, amene amapoperedwa kwambiri m'chimanga, amasiya chotsalira chotchedwa atrazine mercapturate. Koma 2,4-D ndi glyphosate, amene alimi amamudziwa kuti Roundup, akalowa m'magazi amatuluka pafupifupi osasintha. Akatswiri amayezanso kusungunuka kwa mkodzowo, chifukwa wa munthu amene wamwa madzi ambiri ungaonetse poizoni wochepa kuposa amene alipodi.

Phindu la kuyezaku linaoneka pa kafukufuku amene anatuluka mu 2004 ku America. Mwa alimi 48 amene anapopera glyphosate, amene sanavale magolovesi a mphira anapezeka ndi mankhwalawa mumkodzo kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi anzawo. Kuno ku South Africa, kuyambira 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town anayamba kutsata ana asukulu pafupifupi 1,000 a m'madera a mafamu a Grabouw, Piketberg ndi Hex River Valley, ndipo mkodzo ndi chimodzi mwa zimene anatenga kukayeza.

Komatu mboni imeneyi sikhalitsa. Theka la glyphosate amene walowa m'magazi limakhala litatuluka pasanathe maola 12. Choncho mkodzo uyenera kutengedwa poweruka tsiku lopoperalo kapena m'mawa wake. Woyezedwa patatha sabata angauzidwe kuti alibe kanthu, chonsecho anasamba mankhwala tsiku lonse. Tidziwenso kuti mkodzo umangoonetsa kuti poizoni analowa. Sunena kuti munthu adwala liti. Komabe mu 2015 nthambi ya bungwe la WHO yoona za khansa inaika glyphosate m'gulu la zinthu zimene n'kutheka kwambiri kuti zimayambitsa matendawa.

Lamulo la kuno la 1993 loona za umoyo ndi chitetezo pantchito, pamodzi ndi malamulo a 2021 a mankhwala oopsa, limalamula bwana kuunika chiopsezo, kupereka zovala zodzitetezera, ndi kuyezetsa antchito ake pamene pakufunika kutero. Gawo 23 la lamulolo limaletsa kudula malipiro a wantchito chifukwa cha zimenezi. Vuto ndi lakuti mlendo, poopa kuchotsedwa ntchito, amangokhala chete.

Inu alangizi ndi atsogoleri a magulu a alimi, muwauze amene akupita ku Joni kuti asunge kabuku. Azilembamo dzina la mankhwala monga lalembedwera pachigubu, tsiku, maola amene apopera, ndi zimene anavala. Akamva chizungulire, nseru kapena kuyabwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga kabukuko, chifukwa dokotala sangayeze chimene sakuchidziwa dzina. Uphungu umenewu ndi wa mlimi wa kumudzi yemwe. Paja safunsa anadya phula.