Akasiya mankhwala musathamangire kumutukwana

Abale, nkhani iyi timaibisa m'nyumba koma ilipo. M'mabanja ambiri muli wina amene anayamba kumva mawu omwe enafe sitikuwamva, n'kumati anthu akumulondalonda kuti amuphe. Madokotala amati schizophrenia, kumudzi timangoti misala. Tikamutengera ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu amabwerako ali bwinobwino, ife kuno ku Joni kapena ku Leeds mtima n'kukhala pansi. Pakangopita miyezi ingapo foni ija yalira: wayambiranso, anasiya kumwa mankhwala.

Pamenepo tonse timati ndi makani. Ine ndikukana. Mu 2005 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CATIE. Mwa odwala oposa 1,400, anthu 74 pa 100 alionse anasiya mankhwala omwe anayamba nawo miyezi 18 isanakwane. Ku America kumenekotu, osati kwathu kumene chipatala chili mtunda wa kabaza.

Tayesani kufunsa womwayo. Chlorpromazine ndi haloperidol, mankhwala akale omwe ndi ofala kwathu, amaumitsa thupi, manja amanjenjemera, ena dovu limangotuluka, tulo usana onse. Mnyamata wa zaka 25 ayende chonchi pamsika, atsikana akumuseka, mwati mawa amwanso? Olanzapine ndi watsopanoko koma amanenepetsa zedi. Zonsezi dokotala akhoza kuzikonza, kaya pochepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera benzhexol wofewetsa thupi. Koma wodwala amapita kuchipatala yekha, sanena kanthu, amangolandira mapilisi n'kukawaponya m'chimbudzi. Komanso matendawa pawokha amamuchititsa munthu kusaona kuti akudwala. Ndiye amwerenji?

China, ndife tomwe timamusiyitsa. Akangoyamba kulima ndi kuseka, azakhali amati wachira, basi asiye. Mneneri naye akuti taya mapilisi, chikhulupiriro chakuchiritsa. Pempherani ndithu, sindikuletsa, koma mapilisiwo asiyeni pomwe ali. Choipa chake n'choti matenda sabwerera tsiku lomwelo. Amadikira masabata kapena miyezi, ndiye akabwerera palibe amene amakumbukira za mankhwala aja, onse amaloza agogo a kuseri kuti amulodzanso.

Ife akunjafe ndalama ya malata ndi ya maliro timatumiza osachedwa, koma ya transipoti yokatengera mankhwala mwezi ndi mwezi timaiwala. Ikani padera imeneyo. Pezani munthu mmodzi wodalirika woti azipita naye kuchipatala n'kumakamuyankhulira. Akafunsenso za jakisoni wa fluphenazine, yemwe amakhala m'thupi masabata angapo, kuti pasakhale kulimbana m'mawa uliwonse.

Ndipo aphungu akabwera kudzapempha mavoti muwafunse kuti wodwala akafika kuchipatala cha boma n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, mwezi umenewo azimwa chiyani.