Mbuzi yakuchipululu ndi ngongole ya aneba

Kuchokera kunyumba kwanga ku Chinyonga, njira zofikira pa siteji ya minibasi zilipo ziwiri. Yachidule imadutsa pakhomo pa mayi wina wokazinga mandasi. Ina ndi yozungulira, yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Kwa chaka chathunthu ndi miyezi ndinkayenda yozungulirayo, chifukwa cha K30,000 imene mayiwo anandibwereka mwana wanga atagonekedwa m'chipatala. Ndinati ndibweza mwezi ukatha. Miyezi inatha yambiri.

Koma Lamulungu lililonse ndinali pa benchi yakutsogolo, jekete yositasita, kuyimba za mwazi wotsuka machimo. Mgonero sindinkaphonya.

Nkhani ya chitetezero timaikonda, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Pa Levitiko 16, kamodzi pachaka mkulu wa ansembe ankatenga mbuzi ziwiri n'kuchita maere. Imodzi inkaphedwa. Inayo ankaisanjika manja pamutu, n'kuulula zolakwa za mtundu wonse, kenaka munthu n'kukaisiya kuchipululu. Kalata ya kwa Ahebri imatiphunzitsa kuti Khristu anachita ntchito imeneyi kamodzi kokha, n'kukwanira. Ndimakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Chimene chinandisokoneza n'chakuti ndinasenzetsa mbuziyo ngakhale katundu amene sanali wake. Ndinkaganiza kuti ngongole ya aneba nayonso yapita kuchipululu, pomwe inali pompano, pafupi ndi mbaula.

Ayuda, amene amasungabe tsikuli mpaka lero n'kumalitcha Yom Kippur, anaona kale msampha umenewu. Aphunzitsi awo akale anati tsikuli silifafaniza zimene walakwira mnzako mpaka utapita kukamupepesa. Makolo athu nawo sankaseka nazo. Pabwalo la mfumu wolakwa sankabwera chimanjamanja, ankanyamula nkhuku kukhwapa, poti pepani sapoletsa chilonda. Ndipo Zakeyu uja wa pa Luka 19, ana a Sande sukulu amamudziwa ndi kufupika kwake ndi mtengo umene anakwera; ife akuluakulu timadumpha mwadala mbali imene analonjeza kubweza kanayi.

Za kanayi zija ndinazimvetsa mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Ufa wa tirigu unakwera, mafuta ophikira anakwera, shuga osanena. Ndinawerengera usiku wina n'kuona kuti ndalama imene ndinatenga inali mpamba wa bizinesi ya mayi aja, ndipo ndikabweza K30,000 yomweyo ndiye kuti ndawaberanso kachiwiri. Kanayi sindikanakwanitsa, ndisaname. Ndinasonkhanitsa K45,000.

Ndinapita Loweruka m'mawa. Ndinawapeza atakhala pa kampando, chitenje chili ndi madontho a ufa, akutembenuza mandasi ndi chipande chobowokabowoka. Mawu onse amene ndinakonza panjira anathawa.

"Mayi, ndabwera ndi ija. Ndinakulakwirani."

Anapukuta manja, n'kulandira ndi manja awiri. Anawerenga kawiri, akunyowetsa chala ndi malovu. Yapamwambayo sanakane, ndipo ndinawalemekeza kwambiri posakana.

"Bambo," anatero akumanga ndalamazo pa nsonga ya chitenje, "ndalamayi ndinaitaya kale mumtima. Chinandiwawa n'choti munasiya kundipatsa moni. Mwana uja ndinamva kwa anthu kuti anachira."

Ndinaima pamenepo ngati chitsa, utsi wa makala ukundilowa m'maso. Za mwanayo sindinaganizepo n'komwe. Munthu amene anatulutsa mpamba wake kuti mwana wanga apeze mankhwala ndinamumana ngakhale uthenga woti wachira, ndipo pamenepo panalibe kwacha yoti n'kubweza.

Lolemba ndinadutsa njira yachidule. Ndinapereka moni, iwo anayankha maso ali pa chiwaya. Lachiwiri chimodzimodzi. Panatha masabata atatu asanandifunse kuti mwana ali sitandade chani tsopano.